Citseko ca Bwalo la Milandu ndi Dzina la Mboni

Pa bwalo la milandu pamafika anthu awiri amene mantha ao ali osiyana. Woyamba ndiye woimbidwa mlandu. Iye amaopa mdima: amaopa kuti apolisi ndi woweruza angapangane za moyo wace m'cipinda cotseka, popanda mbale kapena mnansi woona zimene zicitika. Waciwiri ndiye mboni. Iye amaopa kuwala: amaopa kuti dzina lace, nkhope yace ndi zamanyazi zimene zinamcitikira zingadziwike kwa anthu onse, ndi kuti abale a wopalamula angamlondole kufikira pakhomo pace. Onse awiri ali anthu, ndipo mantha a onse awiri ali oona. Koma bwalo liri ndi citseko cimodzi cokha. Woweruza akacitseka kuti apulumutse mboni, wasautsa woimbidwa mlandu. Akacisiya cotseguka, waika mboni pa mbalambanda. Makolo anati: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nanga woweruza wolungama acitenji?

Funsoli limabvuta koposa pa nthawi imene mlandu weniweni usanayambe. Pakuti munthu akamangidwa sazengedwa tsiku lomwelo. Bwalo limayamba lakhala kangapo kuti liweruze nkhani zina zotsogola. Kodi munthuyo atuluke pa belo, kapena adikire m'ndende? Kodi boma liri ndi umboni wokwanira kuti mlandu upitirire? Kodi apolisi anapeza umboni wao m'njira yololedwa, kapena anathyola nyumba popanda cilolezo, namenya munthu kuti abvomere? Kukhala kwa bwalo kotere ndiko kumene nkhani ino idzakuchula bwalo loyambirira. Dziko la America linalimbana ndi funso la citseko ca bwalo limeneli kuyambira caka ca 1979 kufikira ca 1986, ndipo zimene Bwalo Lalikulu la dzikolo linagamula ziyenera kulingaliridwa bwino, cifukwa zikhudza cikumbumtima ca munthu ali yense amene angadzakhale mboni, woimbidwa mlandu, kapena womvera cabe.

Cifukwa cace bwalo likhala poyera

Munthu wa kumudzi sasowa womphunzitsa ubwino wa bwalo lapoyera. Mfumu ikamaweruza mlandu wa munda imakhala pansi pa mtengo, nduna ziri pambali, ndipo wodutsa ali yense akhoza kuima ndi kuchera khutu. Mboni yabodza imacita cibwibwi, podziwa kuti pakati pa anthuwo pali nkhalamba imene inaona malire a mundawo akuikidwa. Mfumu nayo imasamala mau ace, cifukwa ikakondera mbale wace mudzi wonse udzaona. Ndipo wogonja, ngakhale apite kwao wokwiya, sanganene kuti anamweruza kuseri.

Azungu anafika pa nzeru yomweyo mwa njira ya masautso. Ku England kunali bwalo la mfumu, dzina lace Star Chamber, limene linali kufunsa anthu mseri ndi kuwalanga mwankhanza. Linathetsedwa m'caka ca 1641, koma dzina lace likali kuchulidwa pofuna kunena za ciweruzo cosalungama ca kuseri. Anthu a ku America, pokumbukira zotere, anaonjezera m'malamulo akulu a dziko lao m'caka ca 1791 mau olonjeza kuti woimbidwa mlandu adzazengedwa msanga ndi poyera. Ndipo m'caka ca 1807, pamene Aaron Burr, amene anakhalapo waciwiri wa pulezidenti wa dzikolo, anaimbidwa mlandu wopandukira boma, kufunsa koyambirira kwa mlandu wace kunacitikira m'nyumba ya malamulo ya Virginia, popeza cipinda ca bwalo cinacepa ndi khamu la anthu ofuna kumva.

Wina anganene kuti: Cabwino, mlandu weniweni ukhale poyera, koma nkhani zoyambirira ziri zazing'ono, zikambidwe kuseri. Maganizo amenewa ali olakwa pa zifukwa zitatu. Coyamba, milandu yambiri sifika konse pa kuzengedwa. M'caka ca 2012 Bwalo Lalikulu la America linachula kuti mwa anthu 100 opezeka olakwa m'mabwalo a boma lalikulu, 97 amakhala obvomera okha mlandu, ndipo m'mabwalo a zigawo amakhala 94. Kwa anthu otere bwalo loyambirira ndilo tsiku lokhalo limene umboni wa boma umaonekera kwa anthu. Likatsekedwa limenelo, mlandu wonse watha mumdima. Caciwiri, pa mlandu weniweni ku America pamakhala anthu wamba osankhidwa kuti aweruze ngati munthu ali wolakwa, amene pa Cingelezi amati jury; koma pa bwalo loyambirira anthuwa palibe, pali woweruza mmodzi yekha, cotero maso a omvera ndiwo mlonda wotsala. Cacitatu, pa bwalo loyambirira ndi pamene nchito ya apolisi imasanthulidwa. Pamenepo wozengedwa weniweni ndiye boma, ndipo boma siliyenera kudziweruza lokha m'cipinda cotseka.

Dandaulo la mboni

Komatu mboni nayo iri ndi dandaulo lace, ndipo siliri lopepuka. Mboni sinapalamule kanthu. Kawirikawiri sinafune nkomwe kubwera: inangopezeka pa njira pamene wina analasa mnzace, kapena iyo yomwe ndiyo inacitiridwa coipa. Boma limaiitana ndi samani, ndipo ikakana ikhoza kulangidwa. Tsono amene akakamiza munthu kulankhula ali ndi udindo wa kumsamala pa zimene zidzamgwera cifukwa ca kulankhulako. Mbiri yabwino ya munthu iri cuma cace, monga munda ndi ziweto. Kumlanda popanda cifukwa cokwanira ndiko kuba, ngakhale wolandayo akhale bwalo la boma.

Pa bwalo loyambirira bvuto la mboni limakula. Umboni umakhala usanayesedwe, ndipo mau ongomva kwa ena, amene pa mlandu weniweni akadakanidwa, m'madera ambiri amaloledwa. Maina a anthu amene sanaimbidwe mlandu amachulidwa, eni ace palibe kuti adzikanire. Ndiponso pakati pa tsiku limenelo ndi tsiku la mlandu weniweni pamapita miyezi, ndiyo nthawi yokwanira kuti mboni iopsezedwe, igulidwe, kapena itope ndi citonzo. Kale mau a m'bwalo anali kuthera m'nyuzipepala imene mawa lace akulungira usipa. Masiku ano dzina likalowa pa intaneti limakhala komweko, ndipo mwana wosabadwa adzaliwerenga. Madzi akatayika saoleka.

Mlandu wina wa ku Colorado uonetsa zimenezi. M'caka ca 2003 Kobe Bryant, katswiri wochuka wa masewera a basketball, anaimbidwa mlandu wogwirira mkazi wa zaka 19. Iye anakana, nati zinacitika mogwirizana. Bwalo linafuna kusunga dzina la mkaziyo, ndipo nkhani zina zokhudza moyo wace wa mseri zinamvedwa citseko ciri cotseka. Koma anchito a bwalo anaika dzina lace pa intaneti molakwitsa, ndipo m'mwezi wa June 2004 zolembedwa za m'cipinda cotsekaco zinatumizidwa, molakwitsanso, kwa ofalitsa nkhani. Mkaziyo analandira mau omuopseza kuti adzaphedwa. Pa 1 September 2004 mlandu unathetsedwa, popeza iye sanafunenso kucitira umboni. Cotero palibe bwalo limene linagamula coona ca mlanduwo: mkazi sanamvedwe, mwamuna sanayeretsedwe kapena kutsutsidwa ndi ciweruzo. Pamene mboni yathawa, cilungamo cathawira anthu onse awiri. Ndipo wowerenga aone kuti citseko cotseka pa cokha sicinampulumutse mkaziyo. Cimene cinasowa ndico cisamaliro ca anthu osunga makalata.

Masiku 7 m'cipinda cotseka

Mlandu umene unaika muyeso pa nkhani imeneyi ndiwo wa Waller ndi boma la cigawo ca Georgia. M'miyezi 6 yotsiriza ya caka ca 1981 apolisi a kumeneko anali kumvetsera mobisa zimene anthu ena anali kulankhula pa lamya, nazijambula pa matepi. Anapeza gulu lalikulu la njuga, m'mene anthu anali kubecha pa ciwerengero ca malonda a pa msika wa ndalama wa ku New York. Kumayambiriro kwa January 1982 apolisi analowa m'nyumba zambiri tsiku limodzi, natenga katundu ndi makalata. Oimbidwa mlandu anapempha bwalo kuti likane matepi ndi makalatawo, ponena kuti apolisi anapyola malire a cilolezo cao, nasesa zinthu zimene sizinakhudze mlandu.

Pamenepo woimira boma anapempha kuti nkhaniyo imvedwe citseko ciri cotseka. Cifukwa cimodzi cimene anapereka cinali cooneka cabwino: m'matepimo, anatero, muli mau ndi maina a anthu ena amene sali pa mlandu uno, ndipo cinsinsi cao ciyenera kusungidwa. Oimbidwa mlandu ena, pamodzi ndi Waller, anakana, koma woweruza analamula kuti onse atuluke, kupatula mboni, anchito a bwalo, eni mlandu ndi maloya. Bwalo linakhala motero masiku 7. Koma pamene zolembedwa zinatuluka pambuyo pace, kunaoneka kuti kumvetsera matepi sikunakwane ngakhale maola 2 ndi theka. Nthawi ina yonse inathera pa kusanthula nchito ya apolisi: m'mene anapezera cilolezo, m'mene analowera m'nyumba, ndi zimene anatenga. Ndipo boma lomwe linabvomera kuti mabokosi 10 a makalata amene anatengedwa anali a eni ace cabe, osakhudza mlandu.

Apa ndipo pali phunziro lalikulu la nkhani yonse. Cinsinsi ca anthu ofooka cinasanduka bulangeti lofunda amphamvu. Cifukwa ca maola 2 amene mwina anayenera kubisika, masiku 7 anabisika. Ndipo cimene cinabisika makamaka ndico mcitidwe wa apolisi, umene anthu anayenera kuuona koposa zonse. Sikufunika kunena kuti woimira boma anacita mwacinyengo. Ngakhale mtima wace unali woongoka, cotulukapo cace cinali comweco.

Pa 21 May 1984 oweruza onse a Bwalo Lalikulu anagwirizana kuti kutseka kumeneko kunali kolakwa. Woweruza Lewis Powell, polemba m'malo mwa anzace, anaika zofunika zinai. Coyamba: wopempha kuti citseko citsekedwe aonetse cinthu cacikulu ndithu cimene cidzaonongeka ngati anthu amvera. Caciwiri: kutsekako kusapitirire muyeso wofunika kuti cinthuco cisungike. Cacitatu: woweruza ayambe walingalira njira zina zosafuna kutseka. Cacinai: anene zifukwa zace momveka, kuti bwalo lina lidzathe kuziyesa. Bwalo silinanene kuti cinsinsi ca anthu aja cinali cacabe iai. Linanena kuti boma silinachule anthuwo ndani, kapena mbali iti ya matepi idzawapweteka, ndi kuti woweruza akadatha kutseka mbali yokhayo, nasiya zotsala poyera. Linalamula kuti nkhaniyo imvedwenso, anthu alipo.

Milandu ina iwiri

Mu mlandu wa Waller wofuna kutseka anali boma. Koma nthawi zina wofuna kutseka amakhala woimbidwa mlandu mwini, poopa kuti manyuzipepala angamweruze asanazengedwe. M'caka ca 1979 Bwalo Lalikulu, oweruza 5 kutsutsana ndi 4, linalola kutseka kotere pa mlandu wina wa ku New York, ndipo oweruza ambiri a m'mabwalo aang'ono anayamba kutseka zitseko zao. Pambuyo pace kunadza mlandu wa Robert Diaz, namwino wa ku California, amene anaimbidwa mlandu wopha odwala 12 powabaya mankhwala a mtima opyola muyeso. Bwalo loyambirira la mlandu wace linakhala masiku 41 m'caka ca 1982, lonse lotseka monga anapempha iye mwini, ndipo zolembedwa zace zinakanizidwa kwa anthu. Nyuzipepala ya Press-Enterprise inadandaula, ndipo m'caka ca 1986 Bwalo Lalikulu, oweruza 7 kutsutsana ndi 2, linaibvomereza. Tanthauzo lace ndi ili: kuwala kwa bwalo sikuli katundu wa woimbidwa mlandu yekha, kuti akutaye akafuna. Abale a odwala aja, ndi anthu onse amene amagona m'zipatala, anali nalo gawo lao.

Mlandu waciwiri ukhudza mboni zofooka koposa zonse, ndizo ana. Cigawo ca Massachusetts cinali ndi lamulo lakuti mwana wosakwana zaka 18 amene anacitidwa zacisembwere akamapereka umboni, anthu onse ndi olemba nkhani atuluke, nthawi zonse, popanda kufunsa. Ndani angatsutse lamulo lacifundo lotere? Koma m'caka ca 1982, pa dandaulo la nyuzipepala ya Boston Globe, Bwalo Lalikulu linalikana. Linabvomera kuti kusunga mwana ku manyazi ndi ku kusweka mtima kuli cifukwa cacikulu cokwanira kutsekera citseko. Cimene linakana ndico kutseka kosayang'ana munthu. Woweruza ayenera kuona mwana amene ali patsogolo pace: zaka zace, kukhwima kwa nzeru zace, mtundu wa mlandu, cifuniro cace ndi ca makolo ace. Pali mwana amene khamu lidzamtsekera pakamwa. Palinso mtsikana amene afuna kuti anthu amve ndi makutu ao cimene cinamcitikira, kuti asadzanenedwe wabodza. Lamulo lotseka nthawi zonse limaphunzitsa mwakacetecete kuti manyazi ali a wolakwiridwa, pamene ali a wolakwa.

Cimene anthu ayenera kudziwa

Milandu imeneyi ithandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokonezeka. Kuli kudziwa kumene anthu ali nako ufulu, ndipo kuli kudziwa kumene anthu amangokulakalaka. Anthu ali ndi ufulu wa kudziwa m'mene mphamvu ya boma igwirira nchito: munthu anamgwira bwanji, anamfunsa bwanji, umboni uli wolimba motani, woweruza wagamula ciani ndi cifukwa ninji. Mphamvu imeneyo iri yao, anaibwereketsa kwa oweruza ndi apolisi, ndipo mwini cinthu amayang'anira cinthu cace. Koma dzina la mtsikana, mudzi wa kwao, sukulu yace, nthenda imene adwala, zimenezi sizithandiza munthu ali yense kuyesa ngati woweruza walungama. Zimangodyetsa miseche.

Makolo anadziwa kusiyanitsa kumeneku. Mlandu wa munda unali kupita ku bwalo. Koma nkhani za kucipinda pakati pa mwamuna ndi mkazi wace zinali kuyamba kwa ankhoswe, m'nyumba, ana atatumidwa kutali. Zikakanika, zinali kufika kwa mfumu, ndipo ngakhale pamenepo akulu anali kudziwa mau oyenera kuchulidwa pagulu ndi mau ofunika kuphiphiritsa. Sanabise ciweruzo, anabvundikira umalisece.

Cotero woweruza wanzeru sayamba ndi mpiringidzo. Ali nazo njira zambiri, ndipo ayenera kuyamba ndi yopepuka. Akhoza kulamula kuti mboni ichulidwe ndi cilembo m'malo mwa dzina, ndi kuti malo ace okhala asanenedwe. Akhoza kuika cochinga kuti omvera amve mau koma asaone nkhope. Akhoza kulola mwana kulankhula ali m'cipinda cina, cithunzi cace cikuoneka pa kanema, mbale ali pambali pace. Akhoza kukana mafunso amene colinga cao ndi kunyazitsa cabe. Zimenezi zikalephera, akhoza kutulutsa anthu pa ola limene mboniyo ilankhula, nawaitananso ikatha, ndi kutulutsa zolembedwa maina atafafanizidwa. Kutseka bwalo lonse ndiyo njira yotsiriza. Sing'anga sadula mwendo cifukwa ca cironda ca pa cala.

Malire amene sayenera kulumphidwa

Pali kubisa mboni kwa anthu omvera, ndipo pali kuibisa kwa woimbidwa mlandu mwini. Zimenezi ziri zosiyana kwambiri. Munthu sangadzikanire kwa mau ocokera mumdima. Akadziwa womnenera, akhoza kuuza bwalo kuti: Uyu tinakangana naye za ngongole, kapena: Uyu pa tsikulo anali ku mudzi wina. Aphunzitsi a katekisimu adziwa bwino nkhani ya Susanna m'buku la Daniel: akulu awiri olemekezeka anamnamizira, khamu linawakhulupirira, ndipo bodza lao linagwidwa pokha pamene anafunsidwa mmodzi mmodzi pamaso pa anthu, nasiyana pochula mtengo. Mboni imene sifunsika iri yoopsa monga woweruza amene saoneka.

Dziko la England linakumana ndi malire amenewa pa mlandu wa Iain Davis, amene anapezeka wolakwa pa imfa ya amuna awiri oomberedwa pa phwando ku Hackney, mu London, pa 1 January 2002. Mboni zitatu zimene zinamloza zinali ndi mantha, ndipo zinalankhula ndi maina ongopeka, kuseri kwa cochinga, mau ao atasinthidwa ndi makina. Loya wace analetsedwa kufunsa funso liri lonse limene likadaulula kuti ziri yani. M'mwezi wa June 2008 oweruza akulu a m'Nyumba ya Lords anagamula kuti kuzenga kotere sikunali kolungama, popeza ciweruzo conse cinatsamira pa mboni zosadziwikazo. Mwezi wotsatira Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola mboni zobisika, koma pa zifukwa zowerengeka zokha, ndi pokhapokha woweruza atakhutira kuti mlandu udzakhalabe wolungama. Kucita msanga kumeneko kuonetsa kuti mantha a mboni ali enieni. Malire amene anaikidwa aonetsa kuti mantha okha sangakhale woweruza.

Zotsutsa ziwiri

Wowerenga wina adzati: Njira zimenezi ziri zabwino m'mizinda yaikulu, koma pa boma laling'ono, pamene onse adziwana, kuchula mtsikana ndi cilembo sikubisa kanthu. Ici nzoona, ndipo siciyenera kukanidwa. Pamalo potere woweruza adzafunika kutseka kawirikawiri kuposa mnzace wa mumzinda, kapena kusamutsira nkhaniyo ku bwalo lakutali. Muyeso uli womwewo, ngakhale cotulukapo cisiyane: kutseka kulingane ndi ngozi yeniyeni ya munthu weniweni. Ndipo padzatsalabe mboni zina zimene zidzapwetekeka ngakhale zonse zitacitidwa bwino. Amenewa ali ndi mangawa pa anthu onse, pakuti anasenza katundu wa mudzi wonse pa mutu pao.

Wina adzati: Ngati zonse zisiyidwa m'manja mwa woweruza, woweruza woipa adzapeza cifukwa nthawi iri yonse. Icinso nzoona, ndipo ndico cifukwa cace cofunika cacinai ca mlandu wa Waller ciposa zinzace. Citseko cikhoza kutsekedwa, koma cifukwa cotsekera cinenedwe poyera, anthu asanatuluke, ndipo cilembedwe. Wofuna kutsutsa, kaya ndi woimbidwa mlandu kaya wolemba nkhani, amvedwe. Woweruza amene ayenera kunena pagulu kuti atseka cifukwa ca mwana uyu, kwa ola limodzi, atayesa njira izi ndi izi, sangabise zambiri. Amene angotseka osanena kanthu akhoza kubisa ciri conse.

Udindo wa okhala pa mabenchi

Nkhani imeneyi siiri ya kutsidya kwa nyanja kokha. Malamulo akulu a Malawi a caka ca 1994, m'gawo 42, alonjeza woimbidwa mlandu kuti adzazengedwa poyera. Ndipo lamulo losamala ana la caka ca 2010 lichinjiriza dzina la mwana wopezeka m'bwalo la ana. Malonjezo onse awiri ali m'buku, ndipo woweruza ali yense ayenera kuwasunga pamodzi.

Koma malamulo sangathe zonse. Nzeru yonse ya bwalo lapoyera itsamira pa cinthu cimodzi, ndico cakuti anthu olowa kudzamvera ali alonda a cilungamo. Ngati alowa monga opita ku gule, kuti akapeze coseketsa pa mowa ndi cotumiza pa lamya, pamenepo iwo eni ndiwo akakamiza woweruza kutseka citseko, napatsa amphamvu cifukwa cimene anali kucifuna. Munthu akhoza kucimwira mnzace ndi mau oona, powanena kwa anthu amene sanayenere kuwamva, ndipo kuti mauwo ananenedwa m'bwalo sikucotsa chimolo. Womvera wabwino akatuluka amasimba m'mene wapolisi anayankhira ndi m'mene woweruza anagamulira. Dzina la mwana amalisiya pa benchi pomwepo.

Ndipo mboni ikabwerera kumudzi, pomwe bwalo liribe cochinga kapena mlonda, otsala kuisamala ndiwo anansi ace. Akaitonza, akailoza cala, akaiyesa kazitape, mboni yamawa idzati sinaone kanthu, ndipo wakuba ndi wakupha adzayenda mwaufulu pakati pao. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Amene lero akhala pa benchi la omvera, mawa akhoza kuima m'bokosi la mboni ndi kulakalaka cochinga, kapena m'bokosi la woimbidwa mlandu ndi kuyang'ana ku citseko kuti aone ngati mbale wace waloledwa kulowa. Wokumbukira malo onse awiriwa adzafuna bwalo lotseguka, limene limatseka pang'ono, kwa nthawi yocepa, cifukwa ca munthu wodziwika kwa woweruza, ndi pa cifukwa conenedwa pamaso pa onse.